Disiki yoikirira m'khosi, mmene zilili pano chaka chikukwana

Abale anga, makamaka amayi anzanga a geni ya nsomba amene mumandiimitsa pamsika wa paboma kufunsa za kachipsera ka pakhosi pangapa, ndati ndilembe zonse kamodzi kuti olo amene sitionana mumve. Chaka chatsala pang'ono kukwana chichitireni opareshoni yochotsa disiki yowonongeka m'khosi n'kuikamo yopanga, ndinakapangitsa ku India. Miyezi yoyamba sindimafuna kuyankhula zambiri chifukwa munthu ukangochoka kumene pa ululu umayamikira chilichonse, ndiye ndimafuna ndidutse kaye dzinja, ndidutse mwera, ndidutse kutentha kwathu kwa Okutobala ndione ngati zilidi zenizeni. Mwachidule dzanja linachira, ndipo chifukwa cha dzanjali sindidandaula olo kwacha imodzi imene inapita. Koma khosi ndi lomwe lija langa lakale, silinasanduke la mtsikana, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino musanagulitse puloti.

Khosi lathuli lili ndi mafupa 7, madokotala amawatchula C1 mpaka C7 kuyambira kumutu kutsika m'munsi. Kuyambira pa fupa lachiwiri, pakati pa fupa ndi linzake pali disiki, ili ngati nkhata ija timaika pamutu posenza, imalandira kulemera kuti mafupa asakhulane. Yanga ya pakati pa C5 ndi C6 inaphwanyika n'kutulukira kumbali, n'kukapanikiza mtsempha wopita ku dzanja lamanja. Ndiye ululu weniweni sunali m'khosi ayi, umayambira paphewa, kutsika mkono wonse mpaka ku chala chachikulu ndi cha mkombaphala, kuotcha, kunyerenyetsa, pena kumenya shoko ndikangotsokomola kapena kuyang'ana kumwamba. Usiku ndimagona nditaika dzanja pamutu chifukwa ndi mmene umapepukirako, ndipo dokotala atamva zimenezi anangogwedeza mutu akuti ambiri a vuto la mtsempha wa m'khosi amatero. Kenako mphamvu zinayamba kutha, kuvundula nsima ya banja lonse kumandikanika, kufinya zovala osatheka, ndalama powerenga zala ziwirizi sizimamva pepala.

Sindinathamangire mpeni. Ndinamwa diclofenac, ndinamwa Brufen mpaka m'mimba munayamba kuotcha, anandipatsa amitriptyline wa usiku, kenako pregabalin amene amachepetsadi ululu wa mtsempha koma amandigwetsa tulo masana ndili pa doko. Fiziyo, masewera aja olimbitsa minofu amene amaphunzitsa kuchipatala, ndinapanganso ku Blantyre. Ndipo ndikuuzeni zoona, anthu ambiri a vuto ngati langali amachira ndi zimenezi basi pakapita masabata kapena miyezi, opanda opareshoni, n'chifukwa chake dokotala wabwino amafuna uyese kaye mankhwala ndi fiziyo kwa masabata osachepera 6 asanayambe nkhani yong'amba. Ine miyezi inadutsa yambirimbiri dzanja likungofookerabe, mnofu wa mkono uwu unayamba kuoneka wochepa kuposa wa kumanzere.

Chinthu chimodzi chimene ndimayamikira dokotala wa ku Blantyre, asananene chilichonse anafuna atsimikize kuti si TB ya msana. Kwathu kuno TB imalowa m'mafupa a msana ndithu, ndipo mankhwala ake ndi ena, sungaikemo chitsulo pamalo pamene pali matenda. Anayeza magazi, shuga, HIV, X-ray ya pachifuwa, kenako MRI. X-ray imaonetsa mafupa okha, disiki ndi mitsempha zimaoneka pa MRI, ndiye wina akakuuzani za opareshoni ya disiki mulibe MRI m'manja musavomere. Kwa ife a ku Mangochi zimenezi zikutanthauza ulendo wa makilomita pafupifupi 190 kudzera ku Liwonde ndi Zomba, ndipo ndi mkono woyaka ulendo umenewu pa minibasi ndi wautali kwambiri. Madokotala a msana ndi ubongo aliko ku Queens, ku Lilongwe kulinso chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION pafupi ndi Kamuzu Central, ndiye yambirani kuno kwathu, osangoyamba ndi ma ejenti a pa Facebook amene amalonjeza kuti akupezerani chipatala kunja.

Njira zinali ziwiri. Yoyamba ndi imene amati fusion, amachotsa disiki n'kulumikiza mafupa awiriwo kuti amere pamodzi asamasunthenso, imeneyi ndi yakale, inayamba m'zaka za m'ma 1950 ndipo yathandiza anthu osawerengeka, musamve wina akuinyoza. Yachiwiri ndi iyi yoika disiki yopanga kuti malowo azisunthabe. Ku America yoyamba ya m'khosi anailola mu 2007, ndipo mu 2013 analola Mobi-C kuti iziikidwa olo pamalo awiri otsatizana. Ziliko za mayina angapo, ProDisc-C, Prestige ndi zina. Yangayi ndi timbale tiwiri tachitsulo, kamodzi kogwira fupa lam'mwamba kena lam'munsi, pakati pali pulasitiki yolimba imene imaterereka. Maganizo ake ndi oti ukamanga malo amodzi, ma disiki oyandikana nawo amasenza ntchito yambiri n'kutha msanga, pamene malowo akamasunthabe anzakewo amapumako. Ine pa MRI disiki ya C6 ndi C7 inali itayamba kale kutha pang'ono, zaka zanga sizinafike 50, mafupa anayeza anapeza ndi olimba, n'chifukwa chake ndinasankha yachiwiriyi.

Za ndalama ndinene mosabisa, zinali zowawa. Kwacha chigwereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cholipira m'madola chinakwera modetsa nkhawa, ndipo olo ukhale ndi makwacha m'manja kupeza forex ndi nkhondo ina payokha. Achimwene anga awiri amene ali ku Joni anatumiza ma randi, ine ndinagulitsa puloti ndi boti limodzi, azimayi a banki m'khonde anandibwereka yotsalayo. Ndipo musamawerengere opareshoni yokha, pali viza ya chipatala ya ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe, matikiti a anthu awiri chifukwa sungapite wekha, ife tinadzera ku Addis Ababa, pali malo ogona mukatuluka m'chipatala, chakudya, mankhwala obwera nawo. Ndinasankha Novembala dala, nthawi imene nyanja amaitseka ku makoka ena ndipo geni imazilala.

Opareshoni amalowera kutsogolo kwa khosi osati kumbuyo, ambiri izi zimawadabwitsa. Amacheka pang'ono motsatira mzere wa khungu, amakankhira kholingo ndi njira ya chakudya kumbali, n'kufika pa msana. Ine ndinali mtulo, ndinadzuka zatha. Chimene sindidzaiwala ndi choti podzuka moto uja wa mumkono kunalibe, ndinagwedeza zala ndikudikira shoko ija koma osabwera, mchemwali wanga amene anandiperekeza akuti ndinalira. Mawa lake ndinali ndikuyenda m'khonde la wodi.

Koma masabata oyambawo anali ndi zake. Kumeza kunali kovuta, chilichonse chimakhala ngati chaima pammero, ndinakhalira phala, nthochi ndi yogati, mapiritsi akuluakulu ndimachita kuwaphwanya atandiloleza. Nsima ndinayambira yofewa kwambiri, usipa wouma ndinaupewa nthawi yaitali chifukwa umakanda. Mawu anasasa, ndikayankhula nthawi yaitali amangothera m'njira, akuti ndi chifukwa cha mtsempha wa mawu umene umadutsa pafupi ndi pamene amagwirapo ntchito komanso chubu chopumira chija. Anabwerera pang'onopang'ono, pano ndimakuwa pa doko ngati kale. Panalinso ululu wina watsopano pakati pa mapewa kumbuyoku umene unandiopsa, koma anati ndi wachizolowezi chifukwa amatambasula pakati pa mafupa kuti disikiyo ilowe, ndipo unathadi wokha. Kolala yofewa ndinavala nthawi yochepa, makamaka m'ndege ndi pa msewu wochokera ku Chileka, madokotala samafuna ndiizolowere chifukwa cholinga chonse ndi choti khosi lizisuntha.

Tsopano za lero, zimene mumafunsa kwenikweni.

Dzanja lili bwino. Ululu wotsika mumkono sunabwererenso olo tsiku limodzi, olo nthawi ya mwera. Mphamvu zinabwerera mochedwa kuposa mmene ndimaganizira, inatenga miyezi, koma pano ndimavundula nsima, ndimachapa, ndimamanga matumba. Pregabalin ndinasiya pang'onopang'ono mmene anandiuzira, osati kungodula kamodzi, ndipo mutu unayera, ndinazindikira kuti chaka chonse chija ndimayenda ndili ndi tulo. Chotsala ndi kadzanzi kunsonga kwa chala chachikulu, sikapweteka, koma kulowetsa ulusi pa singano kapena kutola kobiri pansi ndimamva kuti chala ichi si chimodzimodzi ndi chinzake. Dokotala ananeneratu kuti mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali umachira mochedwa ndipo pena dzanzi silichoka lonse, opareshoni imangochotsa chopanikizacho, kuchira kwa mtsempha ndi kwa thupi lako.

Khosi ndiye nkhani ina. Kutembenuka ndimatembenuka bwino, pa swala ndimawerama, ndimagunditsa chipumi pansi, pomaliza ndimapereka salamu kumanja ndi kumanzere popanda kutembenuza thupi lonse, ndipo izi kwa ine ndi zazikulu chifukwa ndinakhala nthawi yaitali ndikuswali pampando. Komabe ndisakunamizeni kuti ndi disiki yopangayi yokha yachititsa, dokotala yemweyo anandiuza kuti pafupifupi theka la kutembenuka kwa mutu kumachokera pamwamba penipeni, pa C1 ndi C2, ndiye olo munthu wa fusion ya malo amodzi amatembenuka ndithu. Ndikunena izi chifukwa ndinakumana ndi bambo ena a ku Namwera amene anakana fusion imene akanapangidwa konkuno poopa kuti khosi liuma gwa, n'kukhala akuvutika kudikira ndalama za kunja zimene sizikubwera. Zinandiwawa mtima kwambiri.

Kuuma kwa khosi kulipobe. M'mawa wa Juni ndi Julayi mwera ukamawomba kuchokera kunyanja ndimadzuka khosi lili lolimba, ndimaika kansalu ka madzi ofunda kaye ndisanayambe ntchito. Ndikakhala nthawi yaitali nditaweramira foni kuwerengera ma oda a ku Limbe ndi ku Lilongwe, kapena kusankha usipa pa thandala, madzulo minofu ya kumbuyo kwa khosi imawawa mpaka kumutu. Uwu si ululu wa mtsempha uja, ndi wa minofu ndi timfundo ta kumbuyo kwa khosi timene opareshoni sinatikhudze n'komwe. Panado amakwana, masiku ambiri sindimwa kanthu. Ndiye ngati vuto lanu ndi khosi lokha kuwawa, mkono uli bwinobwino, opareshoni iyi si yanu, mukhoza kutaya chuma chonse n'kubwera khosi likuwawabe.

Misewu yathu ndi imene imandikumbutsa kuti ndinang'ambidwa. Wa tala wopita ku Liwonde kapena ku Monkey Bay ndilibe nawo vuto bola ndikhale kutsogolo osati mpando wakumbuyo pamwamba pa matayala. Koma kulowa ku madoko, ku Msaka, ku Malembo, kapena kuoloka mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku Makanjira, ndikabwerako ndimagona tsiku lotsatira. Kabaza wa njinga yamoto ndinamusiya miyezi yambiri, pano ndimakwera pakakhala palibiretu njira ina, ndipo ndimamuuziratu mnyamatayo kuti achimwene ine ndinapangidwa opareshoni ya khosi, pa bampu muziima, ndikuonjezerani ndalama. Ambiri amamva. Madoko akutali ndimatuma mwana wa achemwali anga, ine ndimalipira pa foni.

Kusenza ndinasiyiratu, ndipo apa amayi anzanga ndikupemphani mundimvere. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, onjezani dengu la nsomba zaziwisi, thumba la chimanga, mtolo wa nkhuni, tayamba tili ana a sukulu mpaka lero. Dokotala sananene kuti kusenza kokha ndi kumene kunaphwanya disiki yanga, anati ukalamba, mtundu wa kubanja ndi fodya zimathandiziranso, koma ataona chithunzi cha dengu limene ndimanyamula anandiletsa kotheratu, osati chifukwa cha disiki yachitsuloyi yokha koma chifukwa cha ija ya C6 ndi C7 imene ikutha kale. Chovuta si kusiya, chovuta ndi pakamwa pa anthu. Pa maliro azimayi onse akupita kumjigo iwe wakhala, ena amayamba zoti kupita ku India kwamupatsa matama, akuoneka wabwinobwino uyu. Poti chipsera chinazimirira mu mzere wa khosi ndipo mpango umabisa, palibe amene amaona kuti muli chitsulo. Ine ndinagula wilibala ndi zigubu, pa maliro ndimagwira ntchito ya kuphika ndi kutsuka, ndipo apongozi anga ndi amene amandiyankhira, amati musiyeni mwana wanga, munalibe pamene amalira usiku.

Chimene palibe anandikonzekeretsa mokwanira ndi chisamaliro cha pambuyo. Amene anakung'amba ali kutsidya kwa nyanja yamchere, iwe uli ku Mangochi. Amafuna X-ray pakapita nthawi, ndipo si X-ray wamba, amafuna ya m'mbali utaweramitsa mutu ndi ina utayang'ana kumwamba kuti aone ngati disikiyo ikusuntha komanso ngati ili pamalo pake. Pachipatala china anangondijambula yoongoka n'kunena kuti zili bwino, ndinachita kubwerera ndi pepala lolembedwa ndi dokotala. Ndiye musanachoke kunjako pemphani akulembereni zonse papepala, mtundu wa X-ray, nthawi yake, lipoti la opareshoni, ndi kakhadi kosonyeza dzina ndi saizi ya disiki imene akuikani. Kakhadi aka n'kofunika mukadzafuna MRI ina, chifukwa a makinawo amafuna adziwe chitsulo chimene chili m'thupi, komanso chitsulocho chimasokoneza chithunzi pamalo amenewo. Ine zithunzi ndimajambula pa foni nditaika filimu pa windo, n'kutumiza pa WhatsApp, amayankha koma mochedwa, ndipo sangakugwire khosi pa foni. N'chifukwa chake ndinabwerera kwa dokotala wa ku Blantyre uja ndi mapepala onse kuti akhale wondiona wa kuno, ndipo ndikulangiza aliyense kuti apeze wa kuno asanakwere ndege.

Pa X-ray yomaliza anaona kafupa kakang'ono kakumera m'mphepete mwa disiki. Izi zimachitika kwa anthu ambiri ndithu amene anaikidwa disiki yopanga, thupi limameretsa fupa pozungulira, n'chifukwa chake masabata oyamba anandipatsa mankhwala a gulu la Brufen kuti achepetse zimenezi. Kwa ena fupalo limakula mpaka malowo kuuma, n'kukhala chimodzimodzi ndi fusion imene unaithawa ija. Kwa ine pakadali pano disiki ikusunthabe ndipo sikakukhudza mtsempha. Nditamva ndinakhumudwa masiku angapo, kuganiza za puloti ija, koma madokotala onse awiri ananena zofanana, kuti olo patauma, mkono sukuyenera kuyambanso kuwawa chifukwa chopanikiza chija chinachotsedwa. Ndikufuna mudziwe izi musanalipire, chifukwa disiki yopanga ndi yodula kuposa fusion ndipo palibe angakulonjezeni kuti izisuntha moyo wanu wonse.

Fiziyo kuno ndi yosowa, ndiye zambiri ndimapanga ndekha kunyumba zimene anandiphunzitsa. Kubweza chibwano m'mbuyo mutu uli chilili, kukoka mapewa kumbuyo n'kugwira pang'ono, kukankha mutu ndi chikhatho popanda kuusuntha, ndi kuyenda m'mawa dzuwa lisanapse. Ndikachita ulesi sabata imodzi khosi limandiuza. Pilo ndimagonera mmodzi woonda, chagada kapena chammbali, chafufumimba ndinasiya. Zoti munthu akuthyole khosi kuti lilire, kaya ndi ku saluni kaya ndi kwa asing'anga otsina, ayi ndithu, ndipo mphini pa phewa sizifika pa disiki.

Si aliyense angaikidwe disiki imeneyi olo ndalama zilipo. Ngati mafupa ndi ofooka, zimene zimachitika kwa amayi ambiri akasiya kusamba, ngati timfundo ta kumbuyo tatha kwambiri, ngati mafupa a khosi akugwedera, ngati pali matenda ngati TB, kapena thupi lanu limadana ndi zitsulo zina, dokotala woona mtima akuuzani kuti fusion ndiye yabwino kwa inu. Mufunseni kuti waikapo zingati, mufunseni achita chiyani akatsegula n'kupeza kuti disiki siikhala bwino, ine anandisainitsa kuti zikatero apanga fusion pompo.

Koma pali zizindikiro zina zimene simuyenera kudikira nazo masabata 6 aja. Manja onse awiri akayamba kupusa, mabatani akukanika, makapu akugwa okha, miyendo ikulemera kapena mukuyenda mopepesuka, mkodzo ukuvuta kuugwira kapena kutuluka, pamenepo chopanikizika si mtsempha wa mkono wokha koma chingwe chachikulu cha mu msana, ndipo chimenechi chikawonongeka sichibwerera msanga, pena sichibwerera n'komwe. Pitani ku chipatala cha boma mukapemphe kalata yokutumizani ku Queens, musataye miyezi mukugula diclofenac pa golosale. Chimodzimodzi khosi likamawawa limodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda.

Ngongole ya banki m'khonde ndatsala pang'ono kumaliza, boti sindinagulenso. Mwezi wa mawa ndikupita ku Blantyre kukajambulitsa X-ray ya chaka, ija yoweramitsa ndi yoyang'ana kumwamba, ndipo mafunso anga ndi awiri, kafupa kaja kakula bwanji, ndi disiki ya C6 ndi C7 ili pati. Amene muli ndi MRI kale ndipo simukumvetsa zimene alemba pa lipoti, mundipeze pamsika Lachisanu m'mawa ndisanapite ku mzikiti, sindine dokotala koma ndikuonetsani mapepala anga ndi mafunso amene ine ndinafunsa.